Podikira dokotala, mwanayu tisamutaye



M'kalasi iliyonse mumakhala mwana amene dzina lake limatchulidwa kawirikawiri kuposa a anzake onse, koma osati chifukwa chokhoza bwino. Sakhazikika pampando. Amayankha funso lisanathe kufunsidwa. Cholembera chake chimasowa kawiri pa sabata, m'kope la Masamu muli notsi za Biology, ndipo mayi ake akamutuma mchere pagolosale amabwerako ndi nkhani za mpira, mchere ataiwala. Ku madrasa aloweza surah lero, mawa yauluka. Pa swala maso ali uku ndi uku, chigongono chili m'nthiti mwa mnzake. Mayina ali nawo kale: wopulupudza, wamatukutuku, wosamva, wopanda mwambo. Ena amanong'ona kuti mwanayo ali ndi majini.

Ena mwa ana oterewa, osati onse, ali ndi vuto limene achipatala amalitchula ndi zilembo zinayi, ADHD. Ndi vuto la kulephera kuika maganizo pa chinthu chimodzi kwa nthawi, kusakhazikika thupi, ndi kuchita zinthu asanaganize. Makolo ena ayamba kufunsa njira ya kuchipatala, ndipo akuchita bwino. Koma kwa munthu wa kuno ku Chiosya njirayo ndi yaitali. Kuyambira tsiku limene kholo lazindikira kuti pali china chake, kufika tsiku limene dokotala wodziwa za vutoli wamuona mwana n'kunenapo mawu, pangadutse miyezi, mwinanso chaka chonse cha sukulu. Ife tikuona kuti m'miyezi yodikirayi ndi mmene mwana amatayikira: akumenyedwa kunyumba, kutulutsidwa m'kalasi, kusekedwa ndi anzake, mpaka iye mwini n'kukhulupirira kuti ndi chitsiru. Zikafika pamenepo, ngakhale dokotala atapezeka ndi mankhwala abwino chotani, mwanayo amakhala ali kale pa ganyu ya fodya kapena akupalasa kabaza. N'chifukwa chake tikunena kuti thandizo liyambe lero, kunyumba, m'kalasi ndi ku madrasa, ulendo wa kuchipatala uli m'kati.

Vutoli si lachilendo, ndipo silinabwere ndi mafoni. Mu 1902 dokotala wa ana wa ku London, George Still, anafotokoza kale za ana anzeru zawo bwinobwino koma olephera kudzigwira. Kafukufuku wa m'maiko ambiri amasonyeza kuti ana pafupifupi 5 mwa 100 alionse ali nalo. Pa kalasi ya ana 60, amenewo ndi ana atatu. Nthawi zambiri limayenda kumtundu, moti bambo amene akudandaula kuti mwana wawo sakhala pansi atafunsa agogo, angamve kuti iwonso anali otero ali aang'ono. Ana obadwa masiku asanakwane kapena obadwa ochepa thupi kwambiri nawonso amapezeka nalo kawirikawiri kusiyana ndi anzawo.

Kwathu kuno pali chinthu chinanso chofunika kuchikumbukira, ndicho malungo a m'bongo. Ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, gulu la ofufuza lotsogozedwa ndi dokotala Gretchen Birbeck linatsatira ana 132 amene anachira malungo oterewa, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2010. Pafupifupi mwana mmodzi mwa khumi alionse anayamba kudwala khunyu pambuyo pake, ndipo chiwerengero chonga chomwecho chinasintha khalidwe: ana amene anali ofatsa anasanduka aukali, osakhazikika, osamvera. Mwa anzawo amene sanadwale malungo a m'bongo zimenezi zinali zosowa kwambiri. Choncho ngati mwana wanu anakomokapo ndi malungo ali wamng'ono n'kugonekedwa m'chipatala, musaione ngati nkhani yakale yoti inatha. Ndi chinthu choyamba chimene dokotala ayenera kumva kwa inu.

Tisafulumirenso kupereka dzinali kwa mwana aliyense wovuta. Madokotala amafuna kuona kuti zizindikiro zinayamba mwana asanakwanitse zaka 12, zakhalapo kwa miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposa, zikuoneka m'malo awiri kapena ochulukirapo, monga kunyumba ndi kusukulu, ndiponso zikumuonongera maphunziro kapena ubale ndi anthu. Mwana amene amapulupudza pa phunziro la mphunzitsi mmodzi yekha, vuto lake lili pena. Mwana wobwera kusukulu ndi njala, wosamva bwino khutu limodzi, wosaona pabolodi, wochepa magazi, woferedwa posachedwa, wochitiridwa nkhanza, kapena amene wayamba chamba, onsewa angaoneke ngati a ADHD. Palinso khunyu lina losagwetsa pansi, longomuchititsa mwana kuyang'ana tong'o kwa timphindi, osamva akamuitana. Zonsezi zili ndi thandizo lake losiyana, ndipo zambiri mwa izo zingayezedwe pa chipatala chaching'ono kapena cha boma popanda kupita ku Lilongwe.

Amene amatidetsa nkhawa kwambiri ndi atsikana. Ambiri a iwo sadumphadumpha. Amakhala phee pampando, mpango uli bwinobwino kumutu, maganizo ali kutali. Sasokoneza munthu, choncho palibe amene amawadandaula. Amangotsika m'mayeso pang'onopang'ono, ndipo pofika Fomu 2 achibale ayamba kunena kuti sukulu si yake, bola akwatiwe.

Tsopano nkhani ya majini, poti ndi imene imachedwetsa mabanja ambiri. Ife ndife Asilamu ndipo sitikutsutsa dua kapena ruqya yochitidwa motsata Sunnah. Muwerengereni mwana wanu Qur'an, mumupemphere kwa Allah usiku ndi usana. Chimene tikukana ndi maganizo akuti kupita kuchipatala ndi kuchepa kwa chikhulupiriro. Tonse tinamva nkhani ya munthu amene anafunsa Mtumiki Muhammad (SAW) ngati amange ngamira yake kapena aisiye poyedzamira kwa Allah, ndipo anauzidwa kuti achite zonse ziwiri, ayimange ndi kuyedzamira. Asilamu akale sanaone kutsutsana kulikonse pamenepa. Chipatala chimene Ahmad ibn Tulun anamanga ku Cairo cha m'ma 872 chinali ndi mbali yosamalira odwala matenda a maganizo. Ndiye ngati wina akulipiritsani ndalama zambiri, akuti mwana amenyedwe kapena amangidwe kuti jini lituluke, kapena akuletsani kupita kuchipatala, mutengeni mwana wanu muchokepo. Tikupempha mashehe athu kuti mawu amenewa azimvekanso pa khutba ya Ijuma, chifukwa makolo ena adzawakhulupirira akawamva mu mzikiti.

Njira ya kuchipatala imayambira pafupi. Yambani ndi chipatala chathu chaching'ono, mwana ayezedwe zimene tatchulazi, kenako pemphani kalata yopita nayo ku chipatala cha boma ku Mchinji. Zipatala za m'maboma zimakhala ndi anamwino kapena ma clinical officer amene anaphunzira za matenda a maganizo, ndipo iwo ndi amene angakutumizeni patsogolo: ku Kamuzu Central Hospital, kapena ku St John of God ku Area 43 mumzinda wa Lilongwe. Chipatala chachikulu cha boma cha matenda a maganizo chili ku Zomba. St John of God ndi ya Akatolika, ndipo zimenezo zisamudodometse Msilamu aliyense. Mukupita kukaonana ndi dokotala, monga mmene timachitira pa zipatala zina za mishoni. Ingofunsani za malipiro ndi tsiku la kiliniki musananyamuke. Madokotala aakulu a matenda a maganizo m'dziko muno ndi owerengeka, pamene boma la Mchinji lokha linali ndi anthu oposa 600,000 pa kalembera wa 2018. Kuchokera pa boma kukafika ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 110, ndipo ulendo wotere sukhala umodzi.

Poti mphindi zimene mudzakhale ndi dokotala zidzakhala zochepa, musapite chimanjamanja. ADHD siyezedwa ndi magazi kapena kujambula m'mutu. Dokotala amaidziwa pomva mbiri ya mwana, ndipo mbiri yongonena pakamwa kuti "samva mwanayu" siimuthandiza kanthu. Komanso ana ambiri oterewa akalowa m'chipinda chachilendo amakhala chete ngati nkhosa, kholo n'kuoneka ngati labodza. Gulani kope laling'ono, ndipo kwa milungu itatu kapena inayi muzilembamo zimene zachitika, nthawi yake ndi zimene zinayambitsa: wagona nthawi yanji, wadya chiyani m'mawa, homuweki yamutengera nthawi yaitali bwanji, wakangana ndi ndani. Tengani buku lake la kuchipatala, ngakhale lakale long'ambika lija, ndi malipoti a ku pulayimale. Ngati mwanayo analeredwa ndi agogo kapena azakhali, ndi iwowo amene akudziwa za ubwana wake, ndipo ngati n'kotheka apite nawo.

Nanga podikirapo tichite chiyani? Pano ndi pamene tikufuna kukhalitsa. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linatulutsa mu 2010 malangizo otchedwa mhGAP, olembedwera maiko ngati lathu kumene akatswiri ndi ochepa, ndipo linawakonzanso mu 2016. Pa vutoli malangizowa amaika patsogolo kuphunzitsa makolo ndi kugwira ntchito ndi aphunzitsi; mankhwala amabwera pambuyo, ndipo ndi katswiri yekha woyenera kuwayambitsa. Kutanthauza kuti gawo loyamba la chithandizo lili kale m'manja mwathu, ndipo silifuna thiransipoti.

Kunyumba, mwana wotere musamutume zinthu zitatu pakamodzi muli kukhitchini iye ali pabwalo. Muitaneni pafupi, akuyang'aneni, muuzeni chinthu chimodzi, abwereze ndi pakamwa pake. Akachita, muyamikireni pomwepo ndipo mutchule chimene wachita bwino, chifukwa mphotho yolonjezedwa kumapeto kwa teremu kwa iye ili ngati ya chaka chamawa. Tsiku lake likhale ndi ndondomeko yosasinthasintha, ndipo apa ife tili ndi mwayi umene ena alibe: swala zisanu ndi wotchi yokhazikika kale. Ikatha Fajr, phala ndi kulongedza chikwama. Ikatha Asr, homuweki, koma m'zidutswa za mphindi 15, kupumira pakati. Ikatha Isha, foni ichoke m'manja, kukagona. Mphamvu zake zochulukazo zipatsidwe kopita asanakhale pa mabuku: akatunge madzi, awaze nkhuni, akasewere mpira. Zimenezi zisakhale chilango, zikhale ntchito imene akudziwa kuti amaichita bwino kuposa abale ake. Ndipo sankhani zolimbana nazo. Kugwedeza mwendo podya nsima sikupha munthu. Kuthamangira mumsewu osayang'ana, kukwera njinga yamoto mwaliwiro, kutengeka ndi anzake osuta chamba, zimenezo ndiye zoimirira nazo nji, chifukwa achinyamata a vutoli amagwa m'ngozi zotere mosavuta.

Mawu amodzi kwa abambo. Mtolo wa mwana wotere nthawi zambiri umagwera mayi, ndipo pamwamba pake mayiyo amalandiranso chitonzo choti akumulekerera. Kulera molekerera sikuyambitsa ADHD. Mayi amene wakhala ndi mwanayu kuyambira m'bandakucha amafunika kupumako, ndipo ola limodzi limene bambo wamutenga mwana kudimba kapena ku mzikiti limathandiza nyumba yonse.

M'kalasi zofunika n'zosavuta. Akhale kutsogolo, kutali ndi windo ndi khomo. Apatsidwe ntchito yomudzutsa pampando mwaulemu, monga kufufuta bolodi kapena kugawa makope. Ntchito yaitali idulidwe, asonyeze gawo loyamba asanapite pa lachiwiri. Mphunzitsi agwirizane naye chizindikiro chachinsinsi, monga kugogoda pa desiki yake podutsa, m'malo momukuwira dzina pamaso pa anzake. Ku madrasa, ma ayah atatu ogwidwa bwino aposa tsamba lathunthu loiwalika, ndipo palibe choletsa mwana kuloweza ataimirira kapena akuyenda uku ndi uku pakhonde. Aphunzitsi ena anena kuti ndi ana 60 m'kalasi izi n'zokondera. Koma mwana wosaona bwino timamukhazika kutsogolo ndipo palibe amene amati takondera. Sitikunenanso kuti mwambo uthe. Akaswa galasi la windo, alipire kapena agwire ntchito yobwezera. Chilango chikhale chachifupi, chapompopompo ndi chodziwika kale. Chimene sichithandiza ndi kumutumiza kukakumba dzenje kapena kutchetcha udzu nthawi ya phunziro, chifukwa mwana amene watsalira kale m'mbuyo ndiye akuphonyanso phunziro lina, ndipo kwa iye kunjako n'kokoma kusiyana ndi m'kalasi.

Za ndodo tinene mosabisa. M'masukulu malamulo a Unduna wa Maphunziro saloleza kumenya ophunzira, koma m'makomo ndi m'madrasa ambiri ndodo ikadali pakona. Tikudziwa kuti ena atikumbutsa hadith yokhudza mwana wa zaka khumi amene sakuswali, ndi mwambi woti m'mera m'poyamba. Koma ma ulama amene anafotokoza hadith imeneyi anaikapo malire okhwima, ndipo cholinga chake ndi kukonza mwana amene angathe koma akukana. Mwana wa ADHD nthawi zambiri amadziwa choyenera, amafuna kuchichita, koma pa mphindi yofunikayo chimamupulumuka. Kumumenya kumamuphunzitsa kubisa ndi kunama basi. Ibn Khaldun, polemba Muqaddimah mu 1377, anaona kale kuti nkhanza pophunzitsa zimabala ulesi, bodza ndi chinyengo mwa wophunzira. Ndipo taonani chitsanzo cha Mtumiki (SAW) mwini wake. Anas ibn Malik (RA) anamutumikira zaka khumi kuyambira ali mnyamata, ndipo anasimba kuti sanakalipiridwepo pa chimene anachita kapena chimene anasiya, ngakhale tsiku limene anatumidwa n'kukatengeka ndi ana osewera panjira. Mtumiki (SAW) anaswalitsa atanyamula mdzukulu wake Umamah, kumutsitsa pogwetsa nkhope pansi ndi kumunyamulanso poimirira. Tsiku lina anatalikitsa sijida chifukwa mdzukulu wake wina anamukwera pamsana. Ngati mwana sanathamangitsidwe pa swala ya Mtumiki, ndani wa ife angamuthamangitse pa mphasa ya madrasa?

Tifike pa mankhwala, chifukwa makolo ena amawaopa kwambiri ndipo ena amawayembekezera mopitirira. Odziwika kwambiri ndi methylphenidate, amene ambiri amawadziwa ndi dzina la Ritalin. Kwa ana ambiri amathandizadi kuti maganizo akhazikike, ndipo m'maiko monga Britain ndi mankhwala oyamba amene madokotala amapereka pa vutoli. Koma sachiritsa, amagwira ntchito kwa maola ochepa, atatu kapena anayi kwa mtundu wamba, kenako amatha mphamvu. Amachepetsa chilakolako cha chakudya, angasowetse tulo, ndipo mwana amafunika kuyezedwa sikelo, msinkhu ndi kuthamanga kwa magazi nthawi ndi nthawi. Ngati kumtundu kuli matenda a mtima, dokotala auzidwe. Ngakhale akatswiri sagwirizana pa zonse: komiti ya WHO inakana mu 2019 ndi mu 2021 kuwaika pa mndandanda wa mankhwala ofunikira kwambiri, ponena kuti umboni wa ubwino ndi kuipa kwake pa nthawi yaitali sunali wokwanira. Ife tikuona kuti kholo lisawakane chifukwa cha mphekesera, komanso lisaganize kuti akapezeka ndiye kuti ndondomeko ya kunyumba ndi ya m'kalasi yatha ntchito.

Mankhwalawa ali m'gulu lotetezedwa ndi pangano la maiko la 1971 chifukwa anthu ena amawagwiritsa ntchito molakwika, ndipo kuno amayang'aniridwa ndi bungwe la PMRA. Sapezeka wamba. Ife okhala kufupi ndi malire timadziwa kuti chimene chasowa kuno wina amalonjeza kuchibweretsa kudzera pa Mwami. Musagule mapiritsi a m'thumba mwa munthu, kaya akuti achokera ku Chipata kapena ku Joni. Musamupatsenso mwana mankhwala ogonetsa, monga a chimfine aja, kuti akhale chete. Kugona si kukhazikika maganizo. Ndipo inu ophunzira, mnzanu akapatsidwa mankhwalawa ndi dokotala, si oti mugawane nthawi ya mayeso a JCE kapena MSCE.

Pali funso lina limene dokotala wosakhala Msilamu sangaliganizire pokhapokha mutalifunsa: Ramadhan. Mapiritsiwa amamwedwa m'mawa ndi masana, ndipo kumwa madzulo pofutulu kungamusowetse mwana tulo usiku wonse. Wachinyamata amene wayamba kusala afunika dongosolo lokonzedwa mwezi usanaoneke, dokotala anene zimene zingatheke pa kamwedwe, shehe afotokoze chilolezo chimene Shariah imapereka kwa wodwala. Ngakhale mwana amene sali pa mankhwala amavutika kwambiri m'mwezi umenewu chifukwa cha kuchepa kwa tulo, choncho aphunzitsi ndi amwalimu achepetseko zimene akuyembekezera kwa iye masana.

Chotsala ndi ndalama. Banja lingayambe ulendowu bwino nthawi yogulitsa mtedza ndi soya, koma tsiku lobwereranso kwa dokotala n'kugwa mu Januwale kapena Febuluwale, m'nyumba mulibe ndi ufa womwe. Pamenepo ndi pamene chithandizo chimadukira. Pakagwa maliro, jamaat yathu imasonkha msanga ndipo palibe amene amafunsa kawiri. Tikupempha makomiti a mizikiti kuti aone thiransipoti ya mwana wopita kwa dokotala ngati malo oyenera sadaka, ndiponso zakaat pamene banjalo lili losauka, ndipo zichitike mwakachetechete, dzina la mwana lisalengezedwe.

Kumbali ya sukulu, kholo lililonse limene likukonzekera ulendo wa kuchipatala lingapemphe kalata yofotokoza zimene aphunzitsi akuona pa mwanayo m'maphunziro osiyanasiyana. Kalatayi idzaperekedwa m'manja mwa kholo lokha. Fikani ku ofesi ndi buku la kuchipatala la mwana ndi malipoti ake a ku pulayimale. Aphunzitsi amafunika milungu itatu kuti amuonetsetse mwana ndi kulemba zoona, choncho musadikire kuti tsiku la ulendo liyandikire.